Kodi Mumadziwa? Gudumu Lobweretsa Mitundu pa Kanema

Kodi mumadziwa kuti wailesi yakanema yamakedzana, ija yoonetsa zakuda ndi zoyera zokha, ingathe kuonetsa mitundu, galasi lake likhalabe lomwelo? Ku America, Peter Goldmark wa kampani ya CBS, amene njira yake boma lidaivomereza mu 1950, adaika patsogolo pa galasi gudumu la magawo oonekera, ofiira, abuluu ndi obiriwira, limene pozungulira ka 1,440 pa mphindi lidali kunyenga openya. Pakuti diso silitaya msanga chimene laona, ndipo zithunzi zitatu za mitunduyo zotsatizana limaziyesa chimodzi.

Ngakhale njirayo idasiyidwa, ndipo ina ya NTSC idalowa m'malo mwake mu 1953, gudumulo silidafe: mu 1955 lidagulitsidwanso ndi dzina loti Col-R-Tel, ndipo kufikira lero okonda zakale amadzipangira magudumu awo kunyumba. Ntchitoyo njofuna mtima wofatsa, poti akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Pakuti gudumu liyenera kuposa galasi kawiri m'mimba mwake, liyeneranso kuyendera limodzi ndi zithunzi, ndipo likangotsalira pang'ono, taonani, nkhope ya woulutsa nkhani yasanduka yobiriwira.