Mbalame yomwe imasowetsa mtendere apanjinga ku Australia

Chaka chilichonse, kuyambira mu Ogasiti mpaka Okutobala, anthu okwera njinga ndi oyenda pansi m'mizinda ya ku Australia amayenda mocheuka kaamba ka mbalame yotchedwa magpie, yomwe imawaukira kuchokera m'mitengo ya m'mbali mwa misewu ndi m'mapaki.

Mbalameyi ndi yakuda ndi yoyera ngati khwangwala, koma yocheperapo. Miyezi ina yonse imakhala mwamtendere ndi anthu, ndipo ambiri amaikonda chifukwa cha kuimba kwake kokoma. Khalidwe lake limasintha nyengo yoswa ikakwana.

Yaimuna ndiyo imalondera chisa pamene yaikazi ikufungatira mazira ndi kudyetsa ana. Munthu akayandikira mtengo womwe pali chisacho, imatsika mwaliwiro kudzera kumbuyo, n'kumudutsa pamutu ikuomba mapiko ndi kuwombanitsa mlomo. Nthawi zambiri imangoopseza, koma ina imajompha khutu, tsaya ngakhalenso diso.

Akatswiri a mbalame, monga Darryl Jones wa kuyunivesite ya Griffith, amati mwa mbalame khumi zilizonse ndi pafupifupi imodzi yokha yomwe imaukira anthu. Ukaliwo umatenga milungu ingapo, ndipo umatha ana akachoka m'chisa. Mbalamezi zimazindikiranso nkhope za anthu, moti yemwe adazigendapo zimamukumbukira.

Ngozi zoopsa kwambiri zimadza munthu akadzidzimuka. Mu Seputembala 2019, bambo wa zaka 76 adamwalira ku Wollongong, kumwera kwa mzinda wa Sydney, atawomba mpanda ndi njinga yake pozemba magpie. Mu Ogasiti 2021, khanda la miyezi isanu lidamwalira ku Brisbane mayi ake atagwa nalo pothawa mbalame yomweyi m'paki.

Ngakhale akatswiri opalasa njinga saziona kuchepa. Pomwe mpikisano wa dziko lonse wa njinga unkachitikira ku Wollongong mu Seputembala 2022, ena mwa opikisanawo, kuphatikizapo Remco Evenepoel wa ku Belgium, adadandaula kuti mbalamezi zinkawathamangitsa pokonzekera.

Apanjinga ndiwo amavutika kwambiri chifukwa liwiro lawo limaputa mbalameyi, ndipo akachotsa dzanja pachiwongolero kuti aipitikitse amagwa kapena kulowa pakati pa msewu. N'chifukwa chake malangizo a akuluakulu a mizinda amati wokwera njinga atsike n'kuikankha mpaka atadutsa malowo. Oyenda pansi amalangizidwa kuvala chipewa chachikulu ndi magalasi, kufunda ambulera, kuyenda m'magulu komanso kusathamanga. Chachikulu ndi kusintha njira kwa milungu yochepayo.

Ena amamangirira timapulasitiki tosongoka pazipewa zotetezera mutu, pomwe ena amajambula maso kumbuyo kwa chipewa pokhulupirira kuti mbalameyi siukira munthu amene akuiyang'ana. Njirazi sizithandiza nthawi zonse.

Kupha magpie kapena kuphwasula chisa chake popanda chilolezo ndi mlandu m'madera ambiri a dzikolo, poti mbalameyi imatetezedwa ndi malamulo. Makhonsolo amangoika zikwangwani zochenjeza, ndipo ikanyanya ukali, anthu ovomerezeka amaigwira n'kukaisiya kutali. Anthu nawo amachenjezana kudzera patsamba la intaneti la Magpie Alert, pomwe amalembapo malo omwe aukiridwa kuti anzawo alambalale.