AOLOKA NYANJA KUKAFUNA MUDZI WA MAKOLO KU SCOTLAND

M'caka ca 1864 David Livingstone, ali pa chuthi kwao atacokera ku Africa, anakwera ngalawa napita ku kacisumbu ka Ulva, kumadzulo kwa dziko la Scotland. Kumeneko ndiko kunali kwao kwa ambuye ace, Neil Livingstone, amene anasamukako m'caka ca 1792 kukagwira nchito pa fakitale ya thonje ku Blantyre, kufupi ndi Glasgow. Mdzukuluyo anayembekeza kupeza acibale, koma sanapeze ndi mmodzi yemwe. Anafika mocedwa.

Ulendo wonga umenewu ukali kucitika. Caka ndi caka anthu ocokera ku Canada, America, Australia ndi New Zealand amakonza chuthi cao ndi colinga cimodzi: kukaponda pamene makolo ao anabadwira. Ena amabwerera ataona manda ndi bwinja la nyumba. Ena amabwerera ndi zithunzi za mapiri cabe, ndalama zitatha. Kusiyana kwa magulu awiriwa kuli pa kakonzedwe ka ulendo.

CIMENE CINABALALITSA ANTHU

Pakati pa zaka za 1750 ndi 1860 eni malo a kumapiri ndi kuzisumbu za Scotland anaona kuti nkhosa zipindulitsa koposa alimi osauka olipira msonkho wa munda. Motero mabanja ambiri anacotsedwa m'midzi yao, ndipo nyumba zina zinatenthedwa. Njala ya mbatata za kacewere imene inayamba m'caka ca 1846 inaonjeza bvutolo.

Ku Ulva kunali anthu pafupifupi 600 m'caka ca 1837. Francis William Clark, amene anagula cisumbuco, anathamangitsa ambiri a iwo m'zaka zotsatira. Pamene anthu a m'deralo anagula cisumbuco m'caka ca 2018, okhalapo sanali kukwana khumi.

DZINA LOKHA SILIKWANA

Anthu a ku Scotland ali ndi mafuko ochedwa "clan", ofanana pang'ono ndi ciwongo ca kuno kwathu. Mau akuti Mac, monga m'maina a MacDonald ndi MacLeod, atanthauza mwana wamwamuna wa uje. Koma monga Phiri wa ku Katete sali mbale wa Phiri aliyense wa ku Lundazi, MacDonald aliyense sali mdzukulu wa mfumu ya fukolo. Kale anthu wamba ambiri anali kutenga dzina la mfumu imene anakhala pa dziko lace.

Kuonjezera apo, mwana woyamba wamwamuna kawirikawiri anali kupatsidwa dzina la ambuye ace. Cotero m'mudzi umodzi munali kupezeka amuna angapo a dzina limodzi. Munthu wodziwa dzina lokha, osadziwa mudzi ndi caka, angathe kulira pa manda a mlendo.

Ncifukwa cace nchito yeniyeni iyambira kunyumba. Wapaulendo wanzeru ayamba wakhala pansi ndi nkhalamba za m'banja, nalemba maina, zaka ndi malo, nayang'ananso makalata akale ndi masamba a Baibulo pamene makolo anali kulemba masiku a kubadwa kwa ana. Paja safunsa anadya phula.

MABUKU A BOMA NDI A MPINGO

Boma linayamba kulemba kubadwa, maukwati ndi imfa za anthu onse a ku Scotland pa 1 January 1855. Kalata ya imfa ya kumeneko ndi yothandiza kwambiri, pakuti ichula atate ndi amai a womwalirayo, pamodzi ndi dzina la amaiwo asanakwatiwe. Kalata imodzi yotere ibweza munthu m'mbuyo ndi mbadwo wathunthu.

Caka ca 1855 cisanafike, olemba anali a mpingo. Buku lakale koposa ndi la ku Errol, la m'caka ca 1553, koma mipingo yambiri ya kumapiri inayamba kulemba mocedwa, ndipo mabuku ena anatayika. Akatolika ndi mipingo yopatuka anali ndi mabuku aoao. Palinso mabuku a kalembera wa anthu kuyambira 1841. A caka ca 1921 anatsegulidwa kwa anthu m'caka ca 2022.

Zambiri mwa izi zisungidwa ndi a National Records of Scotland mu mzinda wa Edinburgh, ndipo zambiri zioneka pa intaneti pansi pa dzina la ScotlandsPeople, munthu atalipira. Motero afika m'dzikomo akudziwa kale mudzi umene afuna.

KAGAWIDWE KA MASIKU

Nyengo yabwino ndi kuyambira May kufikira September, pamene dzuwa licedwa kulowa. Nkwanzeru kupatula masiku oyamba kuti akhale a ku General Register House ku Edinburgh, atasungitsa malo pasadakhale. Amene makolo ao anagwira nchito m'mafakitale angapeze thandizo ku Mitchell Library ku Glasgow, ndipo a kumapiri ku Highland Archive Centre ku Inverness.

Masiku otsala ayenera kuperekedwa ku mudzi weniweniwo, mosathamanga. Wopita ku Ulva akwera sitima ya pamadzi ku Oban kufika ku cisumbu ca Mull, kenaka aoloka ndi kabwato. Mphepo ikakula pa nyanja ulendo uima, cotero ndi bwino kukhala ndi tsiku lapadera. Akafika, ayenda ndi miyendo pakati pa makoma a miyala opanda madenga, nafika pa phanga limene anthu amati banja la Livingstone linakhalamo.

Livingstone anamwalira m'mudzi wa Mfumu Chitambo, kuno ku Zambia, m'caka ca 1873, ndipo mtima wace unaikidwa pansi pa mtengo wa mpundu. Malowo adziwika lero cifukwa anzace a paulendo analemba dzina lace pa mtengowo. Mabanja a kuno amene mbiri yao ikali m'mitu ya nkhalamba angacite bwino kuilemba m'buku nkhalambazo zikali ndi moyo.