Foni zinayi m'nyumba imodzi: bandulo yotchipa ndi iti?

Funsani mayi kapena bambo wapakhomo kuti chimanga, lendi, makala ndi fizi zimadya ndalama zingati pamwezi, akuyankhani osachedwa. Mukafunsa za foni, yankho limakhala lakuti, "Aa, zimenezo n'zochepa, timangogula pang'onopang'ono." Kugula pang'onopang'onoko n'kumene kumabisa chilombo. Tingoyerekeza kuti m'nyumba muli foni zinayi, ya bambo, ya mayi ndi za ana awiri osinkhuka, ndipo aliyense amathira mayunitsi a K500 patsiku. Pakutha pa masiku 30 foni iliyonse yadya K15,000, zonse pamodzi K60,000, koma palibe amene anaigwirapo ndalamayo m'manja nthawi imodzi kuti imuwawe. Ku America kapena ku Britain banja limatha kusaina mgwirizano umodzi ndi kampani n'kumalipirira manambala onse pamodzi mwezi ukatha. Kuno ambirife timalipiriratu tisanayankhule, aliyense payekha, choncho dongosolo la foni la banja lonse palibe amene angatikonzere. Tiyenera kulipanga tokha, ndipo poyambira pake n'kuwerengera nyumba yonse ngati kasitomala mmodzi.

Kudikira kuti mitengo itsike sikungatifikitse patali. Msika wathu uli m'manja mwa makampani awiri: TNM, imene inayamba mu 1995, ndi Airtel, imene inabwera mu 1999 ndi dzina la Celtel, n'kukhala Zain, kenako Airtel mu 2010. Pamene ogulitsa ali awiri okha, mitengo yawo sitalikirana kwenikweni. Pa ndalama iliyonse imene timathira m'foni boma limadulapo VAT, ndipo kuyambira mu 2015 pa intaneti ndi mauthenga pali msonkho winanso wa 10 peresenti. Zipangizo za netiweki zimagulidwa kunja ndi madola, pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso 44 peresenti mu Novembala 2023. N'zoona kuti mu 2020 anthu atafuula kwambiri kuti intaneti yakwera udyo, ndipo bungwe la MACRA litalowererapo, makampaniwa anatsitsako mitengo ina. Koma zoterozo sizichitika chaka chilichonse, ndipo banja silingazilamule. Chimene lingalamule ndi kagulidwe kake.

Intaneti yomweyo imagulitsidwa pa mitengo itatu. Wokwera kuposa yonse ndi umene mumalipira mukatsegula data popanda bandulo, foni n'kumadya mayunitsi mwachindunji. Wotsatira ndi wa timabandulo ta tsiku limodzi. Wotsikitsitsa nthawi zambiri umakhala wa bandulo yaikulu ya sabata kapena ya mwezi. Zili ngati ufa: wogula kawokomani madzulo aliwonse amatulutsa ndalama yochepa pa nthawiyo, koma akamafika kumapeto kwa mwezi walipira zambiri kuposa mnzake amene anagula thumba n'kupita kuchigayo. Kuti mudziwe pamene mwaima, gawani mtengo wa bandulo ndi kuchuluka kwa ma MB kapena mphindi zake, muone kuti MB imodzi kapena mphindi imodzi ikukwana zingati, ndipo muchite chimodzimodzi ndi mabandulo ena a pamndandanda womwewo. Komatu masamuwo asathere pomwepo. Bandulo ili ndi tsiku lothera, ndipo zotsala zikapsa ndiye kuti mwalipira zimene simunadye. Munthu amene wagula 10GB n'kugwiritsa ntchito 4GB yokha walipira GB iliyonse mtengo woposa kawiri umene anauona pogula. Palinso ngongole ya mayunitsi, Pasavute kapena Kutapa, imene imapulumutsa pa ngozi, koma pobweza amadulapo kachiwongoladzanja. Amene amatapa sabata iliyonse wadzikwezera yekha mtengo wa foni.

Musanaone mitengo n'komwe, yambani mwaona netiweki. Bandulo yotchipa ilibe phindu ngati kuti uthenga upite muyenera kukaima pachulu kuseri kwa nyumba. Bwerekani simu ya mnansi, muiyese m'chipinda chogona, kukhitchini, komanso madzulo pamene anthu ambiri ali pa intaneti, chifukwa netiweki imene imathamanga m'mawa imatha kukwawa dzuwa likalowa. Kenako tsegulani mndandanda wa manambala amene mumaimbira kawirikawiri, muone kuti ambiri akuyamba ndi 088 kapena 099. Mabandulo oyankhulira monga Chezani ndi Mtolo amapereka mphindi zambiri mukamaimbira a netiweki yomweyo kusiyana ndi mukawolokera kwina. Ngati agogo kumudzi, alamu ku Mzuzu ndi mwana amene ali kusukulu yogonera konko onse ali mbali imodzi, nkhani yatha kale: banja lisamukire kumeneko, simu inayo ikhale yolandirira.

Zikatero, ntchito yotsala ndi kugawa zofunika. Anthu a m'nyumba imodzi sagwiritsa ntchito foni mofanana, ndiye kuwagulira zofanana n'kutaya ndalama. Agogo amene ali ndi foni ya mabatani akufuna mphindi basi. Mayi wogulitsa kaunjika akufuna WhatsApp yosaduka masana onse, poti makasitomala amafuna aone kaye chithunzi cha diresi asanatumize ndalama. Mwana wa Folomu 4 akufuna kutsitsa manotsi ndi mapepala a mayeso akale, zimene angachite madzulo ali pakhomo. Njira imene imachepetsa ndalama m'mabanja otere ndi kugula bandulo imodzi yaikulu pa foni imodzi kapena pa kachipangizo ka MiFi kokhala pakhomo, ena onse n'kumakokako kudzera pa hotspot, ndipo aliyense wochoka panyumba n'kukhala ndi kabandulo kochepa ka mphindi kapena ka WhatsApp kongomukwanira.

Wina anena kuti malangizo otere ndi a anthu olandira malipiro pakutha pa mwezi. Wakabaza, waganyu kapena wogulitsa mandasi ndalama imamupeza tsiku ndi tsiku, ndipo K15,000 ya nthawi imodzi aitenga kuti? Mfundoyi ndi yoona, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti kagulitsidwe ka mabandulo kamalipitsa kwambiri wosauka kuposa wopeza bwino. Komabe pakati pa tsiku ndi mwezi pali sabata. Amene amatulutsa K500 tsiku lililonse akapirira masiku angapo, n'kumaponya ndalamayo ku Mpamba kapena ku Airtel Money, afika pogula bandulo ya sabata, ndipo m'sabata imeneyo amakhala akusonkhanitsa ya sabata yotsatira. Chovuta ndi masiku oyambawo. Ndiponso apa m'pamene kuphatikiza kumathandiza, chifukwa zimene munthu mmodzi sangakwanitse, anthu anayi akasonkha zimatheka pa tsiku limodzi lokha.

Winanso anena kuti bandulo yaikulu imatha msanga, ana akangoiona amaimaliza sabata isanathe. Zimachitikadi, ndipo wolakwa wamkulu ndi kanema. Kulemberana mauthenga tsiku lonse sikudya zambiri, ndipo kuimbirana mawu okha pa WhatsApp nthawi zambiri sikufika MB imodzi pa mphindi, koma ola limodzi la kanema wowala bwino pa YouTube litha kumeza GB yathunthu. TikTok ndi masitetasi a anzathu zimadya mwakachetechete chimodzimodzi. Pali msampha wina umene ambiri sauzindikira: foni ikalumikizidwa ku hotspot imaona ngati yapeza WiFi yaulere, ndiye imayamba yokha kukonzanso ma app ndi kutsitsa zithunzi ndi makanema onse a m'magulu a mpingo, a maliro ndi a sukulu. Zimenezi zimatsekeka mu settings ya WhatsApp ndi ya Play Store, ndipo foni zambiri za Android zimaonetsa app imene yadya kwambiri komanso zimalola kuika malire. Kusintha pasiwedi ya hotspot nthawi ndi nthawi kumathandizanso, makamaka m'nyumba zamdadada momwe khoma ndi limodzi.

Chimene sichiyenera kuphatikizidwa ndi nambala. Kuyambira mu 2018 simu iliyonse imalembetsedwa ndi chiphaso cha mwiniwake, ndipo nambala yomweyo ndi imene imasunga ndalama za Mpamba kapena Airtel Money. Mayi amene walanditsa simu yake poti "tikupulumutsa ndalama, tizigwiritsa ntchito ya bambo" wataya njira yolandirira ndalama za bizinesi yake ndi zochokera kwa abale, ndipo uthenga uliwonse womufikira uyamba wadutsa m'manja mwa wina. Kusunga simu yolandirira sikudya ndalama zambiri. Choncho pokambirana za bajeti ya foni, aliyense wamkulu akhalebe ndi nambala yake ndi PIN yake, ndipo chogawana chikhale bandulo ya intaneti, tsiku loigula, ndi amene aziisunga masana ena akachoka.