Liwonde: fupa likathyoka, chithunzi ndiye chimayenda

Mlendo amaidziwa Liwonde ndi mlatho wa Kamuzu Barrage, mvuu za mu Shire ndi njovu za kumalo osungira nyama. Koma munthu wa ku Ntaja, Nsanama kapena Nayuchi amaidziwa ndi chipatala, poti chipatala chachikulu cha boma la Machinga chili m'tauni muno.

Pano misewu imakumana: wochokera ku Zomba, wa ku Mangochi ndi wa ku Balaka. Njinga zamoto za kabaza zimangoti piringupiringu, zina zitanyamula anthu atatu ndi thumba la chimanga. Mango akayamba kupsa, ana nawo amagwa m'mitengo, ndipo ambiri amafika pachipatala atagwirizira chigongono chotupa.

Amene amawalandira nthawi zambiri si dokotala wa opaleshoni, koma kiliniko ofisala wa mafupa. Maphunziro a anthu amenewa anayambitsidwa ndi Dr Ed Blair wa ku Canada mu 1985, ndipo mpaka lero ndi iwo amene amathandiza anthu ambiri othyoka m'dziko muno. Amawongola fupa n'kuika chikhakha. Likakhala la pantchafu, wodwala amagona m'wodi milungu ingapo, mwendo ukukokedwa ndi chingwe chomangirira chinthu cholemera kumapazi kwa bedi.

Mutu umakula fupa likaphwanyikira pamfundo kapena likatulukira kunja. Kale zikatero munthu ankangokwezedwa ambulansi ya ku Zomba Central kapena ku Queen Elizabeth mu Blantyre, mafuta akapezeka. Ena ankavutika ulendo wonsewo n'kukangoikidwa chikhakha chomwe akanaikidwa kwawo.

Mu 2018, pulojekiti ya SURG-Africa, yomwe College of Medicine inkayendetsa mogwirizana ndi Royal College of Surgeons in Ireland, inatsegula gulu la WhatsApp lolumikiza zipatala za m'maboma a kumwera ndi akatswiri a opaleshoni ku Blantyre. Kachitidwe kake n'kosavuta. Wachipatala amakweza filimu ya X-ray poyera, kuijambula ndi foni, kulemba zaka za wodwala ndi mmene wavulalira, dzina osatchula. Katswiri amayankha kuti wodwalayo athandizidwe pompo mwanjira yakutiyakuti, kapena atumizidwe msanga. Wodwalayo akamanyamuka, a ku Blantyre amakhala akumudikira kale.

Gululi limakhalanso ngati kalasi. Funso la wa ku Liwonde amaliwerenganso mnzake wa ku Balaka, ndipo tsiku lomwe fupa lothyoka chimodzimodzi lidzafike kwa iye, amakhala atadziwa pogwira.

Komabe foni siwongola fupa. Magetsi akazima X-ray imaima, ndipo pulasitala akatha m'sitolo malangizo amangotsala pafoni. Wofunika kuikidwa chitsulo m'fupa amayenerabe kupita kuchipatala chachikulu kuposa cha pano, ndipo chapafupi ndi cha ku Zomba, pamtunda wa makilomita pafupifupi 50 kuchokera pa Liwonde.