Kusewera pa khonde la eni: za mpira wa patebulo ku Glen Norah

Achinyamata ambiri a m'malokeshoni a mzinda wa Harare amakonda mpira wa patebulo, koma alibe malo awoawo osewererapo. Zimene zimamanga kapena kuphwasula ubale wawo ndi eni mashopu zingathe kuthandizanso magulu a alimi ndi a chitukuko amene amakumana pa malo obwereka.

Dzuwa likapendeka ku Glen Norah, kumwera chakumadzulo kwa mzinda wa Harare m'dziko la Zimbabwe, pa makonde a mashopu pamamveka kulira kwa zitsulo ndi kukuwa kwa anyamata. Ameneyu ndi mpira wa patebulo, umene anthu a ku Zimbabwe amautcha kuti slug. Kwa munthu wongodutsa, awa ndi masewera otayitsa nthawi chabe. Koma kwa mnyamata amene anamaliza sukulu ndipo ntchito sinapezeke, tebulolo ndi malo amene amapezako anzake, amamvako za ganyu, ndiponso amaiwalako mavuto kwa kanthawi osawononga ndalama zambiri.

Vuto ndi lakuti khondelo ndi la eni. Tsiku limene mwini shopu angatope ndi phokoso, ngongole kapena ndewu, tebulo limalowetsedwa m'chipinda chosungira katundu, ndipo gulu lonse limabalalika.

Masewerawo ndi otani?

Tebulo la slug lili ngati bokosi lalitali lokhala ndi miyendo inayi, ndipo mkati mwake muli kabwalo ka mpira. Ndodo zachitsulo zisanu ndi zitatu zimadutsa chopingasa, ndipo pa ndodozo pamamangidwa tizidole toyimira osewera mpira. Pa matebulo ambiri mbali iliyonse imakhala ndi tizidole 11 monga timu yeniyeni: wapagolo mmodzi, otchinga kumbuyo awiri, apakati asanu ndi akutsogolo atatu. Anthu awiri kapena anayi ndi amene amasewera nthawi imodzi, pokankha, kukoka ndi kupotoza ndodozo kuti kampira kalowe m'golo la anzawo.

Masewerawa anachokera ku Ulaya. Harold Searles Thornton wa ku Britain analandira chiphaso cha umwini wa luso la tebulo lotere m'chaka cha 1923, ndipo m'chaka cha 2002 ku France kunakhazikitsidwa bungwe la International Table Soccer Federation, limene limayendetsa mipikisano ya dziko lonse lapansi. Limodzi mwa malamulo a bungweli limaletsa kuzunguza ndodo mwachisawawa ngati chigayo. Lamuloli ndi lothandiza ngakhale pa khonde la shopu, chifukwa kuzunguza ndodo ndi kugwedeza tebulo kumathyola tizidole ndi kupinda zitsulo.

Glen Norah ndi anthu ake

Lokeshoni ya Glen Norah inamangidwa m'zaka za m'ma 1970, dzikoli likadatchedwa Rhodesia, ndipo inagawidwa m'zigawo zitatu, A, B ndi C. Inayandikana ndi Highfield ndi Glen View, komanso sili kutali ndi mafakitale a ku Willowvale. Anthu amagula zofunika pa mashopu monga a pa Chitubu ndi pa Spaceman. Derali limakonda mpira wa miyendo kwambiri. Katswiri wa timu ya Dynamos, George Shaya, amene anasankhidwa kasanu kukhala wosewera wopambana onse m'dzikolo, ankakhala ku Glen Norah mpaka pamene anamwalira m'chaka cha 2021.

M'malokeshoni a Harare muli mabanja ambiri amene makolo awo anachokera ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique kudzagwira ntchito m'migodi, m'mafamu ndi m'mafakitale, makamaka m'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 kufikira 1963. Iwowa anabwera ndi Chichewa, Chiyao, gule wamkulu ndi bawo. Anakhazikitsanso magulu othandizana pa maliro, okhala ndi wapampando, mlembi, msungichuma ndi buku la zopereka. Popeza anali alendo m'dziko la eni, anaphunzira msanga kuti malo obwereka amasungidwa ndi khalidwe. Zidzukulu zawo zimene lero zimasewera slug pamodzi ndi anzawo olankhula Chishona zili ndi chitsanzo pafupi, kunyumba kwawo komwe.

Mbali zitatu pa tebulo limodzi

Kuti timvetse kumene mikangano imayambira, tiyenera kuona kuti pa tebulo limodzi pamakumana zofuna za mbali zitatu. Woyamba ndi mwini tebulo, amene nthawi zina ndi mwini shopu yemweyo, koma nthawi zina ndi munthu wina amene amangoika tebulo lake pa khondepo kuti azigawana phindu. Iyeyu amafuna kuti tebulo lizigwira ntchito tsiku lonse ndipo lisawonongeke. Wachiwiri ndi mwini malo, amene amalipira lendi, magetsi ndi laisensi, ndipo ndi amene amayankha mafunso apolisi kapena akhonsolo akafika. Iyeyu amafuna kuti osewera azigula kanthu, ndipo asamathamangitse makasitomala ena. Mbali yachitatu ndi ya osewera, amene amafuna tebulo labwino, mtengo wotsika ndi ufulu wokhala pamalopo nthawi yaitali.

Osewera ambiri amaganiza kuti akalipira masewera amodzi, udindo wawo wathera pomwepo. Koma kandalama ka masewera sikangalipire galasi losweka, kasitomala wothawa kapena laisensi yolandidwa. Pa anthu onsewa, amene angataye zambiri ndi mwini malo, ndipo ndi yemweyo amene ali ndi mphamvu yochotsa tebulo.

Zimene zimadanitsa

Choyamba ndi ndalama. Matebulo ambiri anapangidwa kuti azitulutsa timipira munthu akaponyamo ndalama yachitsulo, koma ndalama ya ku Zimbabwe yakhala ikusinthasintha. Boma linalengeza kuti pofika mu Julaye 2008 mitengo ya zinthu inakwera ndi maperesenti 231 miliyoni pa chaka, ndipo makobidi anasanduka zitsulo zopanda ntchito. Mu 2009 dzikolo linayamba kugwiritsa ntchito dola ya ku America ndi ndalama za maiko ena, koma tchenji chinasowa mwakuti m'mashopu ankabweza maswiti m'malo mwa makobidi. Mu Disembala 2014 kunabwera makobidi otchedwa bond coins, ndipo mu Epulo 2024 kunabwera ndalama yatsopano yotchedwa ZiG. Ndalama ikasintha, mtengo wa masewera umayenera kukambidwanso. Pamene malipiro akuperekedwa pamanja kwa wogulitsa m'shopu, khomo la ngongole limatseguka, ndipo mawu akuti ndilipira mawa ndi amene amayambitsa chidani.

Chachiwiri ndi kubetcha. Masewera akangosanduka juga, kugonja kumawawa, ndipo ndewu sichedwa. Juga yopanda chilolezo ndi mlandu, ndipo apolisi akabwera amayamba kufunsa mwini malo. Mwini malo amaopanso kuti pamene achinyamata amasonkhana tsiku lonse pangafike ogulitsa mankhwala ozunguza bongo monga amene ku Zimbabwe amatchedwa mutoriro. Munthu mmodzi wotere akhoza kuipitsa mbiri ya gulu lonse ndi ya shopu yomwe.

Chachitatu ndi ana. Lamulo la mowa la dziko la Zimbabwe limaletsa kugulitsa mowa kwa munthu wosakwana zaka 18. Tebulo likakhala pa khomo la malo omwera mowa, limakopa ana a sukulu kupita pamalo osayenera, ndipo laisensi ya mwini malo imakhala pachiswe. Mwana akathawa sukulu kapena akaba tchenji cha buledi kuti akasewere, makolo amakalipira mwini shopu. Paja akuluakulu anati nkhuyu zodya ana zimapota akulu.

Chachinayi ndi ukhondo. Zogwirira za ndodo zimadutsa m'manja ambiri pa tsiku, ndipo gulu la anthu limafuna chimbudzi ndi madzi. Ku Harare nkhani imeneyi si yamasewera. Mliri wa kolera wa 2008 ndi 2009 unapha anthu oposa 4,000 m'dzikolo, ndipo mu Sepitembala 2018 matendawa anabukanso ku Glen View ndi ku Budiriro, pafupi ndi Glen Norah, mpaka apolisi analetsa misonkhano mumzindawo. Kuyambira pa 30 Malichi 2020, malamulo opewera Covid-19 anatseketsa malo ambiri a malonda ndi a zisangalalo.

Eni malonda ang'onoang'ono saiwalanso za Operation Murambatsvina ya mu Meyi 2005, pamene boma linagwetsa nyumba ndi timashopu timene linati n'tosaloledwa. Lipoti la nthumwi ya United Nations, Anna Tibaijuka, linati anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala kapena popezera ndalama. Munthu amene anaona zoterezi safuna chilichonse chimene chingaitane akuluakulu a boma pa khonde lake. Osewera akamvetsa mantha amenewa, amasiya kumuona mwini malo ngati munthu wouma mtima.

Zimene zimasunga ubale

Gulu lofuna kukhalitsa liyenera kusenzako gawo la katundu amene mwini malo amasenza yekha. Chiyambi chake ndi kusankha anthu awiri kapena atatu odziwika, amene mwini malo angalankhule nawo pakakhala dandaulo. Gulu lopanda mtsogoleri limachititsa kuti cholakwa cha munthu mmodzi chilangitse onse, chifukwa mwini malo alibe wina womuuza. Ndi bwino kuti mmodzi wa atsogoleriwo akhale munthu wamkulu wolemekezeka m'deralo, amene angathe kudzudzula achinyamata popanda kuyambitsa ndewu.

Kenaka pafunika mgwirizano womveka, wolembedwa pa pepala ndi kumatidwa pa khoma pafupi ndi tebulo. Mgwirizanowo utchule nthawi yoyambira ndi yotsekera, mtengo wa masewera ndi ndalama yolipirira, ndondomeko ya mzere kuti aliyense apeze mpata, kuletsa kubetcha ndi ngongole, komanso chilango cha woyambitsa ndewu. Chilango choperekedwa ndi gulu lenilenilo, monga kuletsedwa kusewera kwa sabata imodzi, chimamveka bwino kuposa kuthamangitsidwa ndi mwini shopu. Chimamupulumutsanso mwini shopuyo ku udani ndi makasitomala ake.

Pa nkhani ya ana, njira yabwino ndi kupempha kuti tebulo liikidwe pa khonde la golosale kapena pa holo ya m'dera m'malo mwa pa bala, ndipo ana asaloledwe kusewera nthawi ya sukulu kapena kukada. Osewera akuluakulu ndi amene ayenera kuwabweza anawo, pokumbukira kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Atsikana ndi amayi amene amabwera kudzagula asamanenedwe mawu achipongwe, pakuti amayi akasiya kugula pa shopu, malonda a mwini malo amalowa pansi ndipo tebulo ndi limene limayamba kuchotsedwa.

Kathumba ka gulu n'kofunikanso. Aliyense akamasonkha kangachepe pa mwezi, monga amachitira m'magulu a maliro kapena m'mabanki a m'mudzi, gulu limatha kugula timipira, kukonzetsa chidole chothyoka, kugula sopo ndi chidebe cha madzi osamba m'manja. Ndalamazo zilembedwe m'buku, ndipo ziwerengedwe pamaso pa onse. Kusesa pa khonde madzulo aliwonse ndi kuthandiza kulowetsa tebulo m'nyumba potseka sikufuna ndalama, koma mwini malo amaona ndipo amakumbukira.

Pomaliza, mwini malo aone phindu. Mpikisano wa Loweruka, wokonzedwa mogwirizana naye komanso odziwitsidwa anthu oyandikana nawo, umabweretsa ogula zakumwa zoziziritsa kukhosi ndi zakudya. Kumupempha kuti apereke mphoto kwa opambana ndi kumuthokoza pagulu kumamupangitsa kudzimva kuti masewerawo ndi akenso. Kupatsa n'kuika.

Phunziro kwa alangizi ndi magulu a kumudzi

Nkhani ya ku Glen Norah si yachilendo kwa anthu a ku Malawi, a kuchigawo cha kum'mawa kwa Zambia kapena a ku Tete. M'misika ya kumidzi muli matebulo a pool, nyumba zoonetsera kanema ndi magulu a bawo amene amadalira khonde la wina. Makalabu a alimi amakumana m'kalasi ya sukulu, mabanki a m'mudzi amakumana m'tchalitchi, ndipo matimu a mpira wa manja amasewera pa bwalo la mpingo kapena la mfumu. Magulu ambiri otere amabalalika chifukwa chosiya zinyalala, kuthyola mabenchi kapena kupitirira nthawi imene anapatsidwa, ngakhale cholinga chawo chinali chabwino.

Mlangizi wa chitukuko ali ndi mwayi wokhala mkhalapakati mavuto asanakule. Angathe kuitanitsa mbali zonse, kuthandiza kulemba mgwirizano m'chilankhulo chimene onse amamva, ndi kukonza zoti azikumana miyezi itatu iliyonse kuti aunikenso momwe zinthu zikuyendera. Angathenso kugwiritsa ntchito gulu limene lasonkhana kale pa tebulolo pofalitsa uthenga wa ukhondo, wa kupewa Edzi kapena wa maphunziro a ntchito zamanja, mwini malo atavomereza.

Mafunso okambirana m'gulu lanu

Kodi malo amene gulu lathu limakumanirapo ndi a yani, ndipo mwini wake amataya chiyani kapena amapindula chiyani ndi kupezeka kwathu?

Pakakhala dandaulo, kodi mwini malo amadziwa munthu woti alankhule naye?

Chinthu chikawonongeka, ndani amalipira, ndipo ndalamazo zimachokera kuti?

Kodi ana, atsikana ndi anthu oyandikana ndi malowo amatetezedwa bwanji?

Mwini malo atatiuza lero kuti tichoke, kodi tingakakumane kuti mawa?