Mlandu wa Amuna Okhaokha: Zimene Mabwalo Anagamula ndi Zimene Sanagamule

Msika wa pa Nkando, m'boma la Mulanje, uli m'mbali mwa msewu wa Midima. Munthu akakwera minibasi yolowera mbali imodzi amakafika ku Limbe ndi ku Blantyre, kumene kuli mabwalo akuluakulu a milandu. Akalowera mbali inayo amadutsa pa boma la Mulanje ndi m'minda ya tiyi mpaka pa Muloza, pamene pali malire a Malawi ndi Mozambique, ndipo kutsidya kwake kuli tauni ya Milange. Anthu ambiri a mbali ziwiri za malirewa ndi apachibale: amagulitsana chimanga ndi nandolo, amakwatirana, ndiponso amalirana maliro. Komatu pa nkhani imodzi malamulo a maiko awiriwa amasiyana kutalitali. Mwamuna wopezeka wolakwa pa mlandu wogonana ndi mwamuna mnzake angathe kukhala m'ndende zaka 14 m'Malawi muno, pamene ku Milange, kuyambira m'chaka cha 2015, umenewo si mlandu ayi.

Nkhani imeneyi ikatuluka pa wailesi, anthu amaikamba mokweza mau m'misika, m'minibasi ndi m'maofesi a aphunzitsi, ndipo kawirikawiri amaphatikiza zinthu zitatu zosiyana ngati kuti ndi chinthu chimodzi. Choyamba ndi lamulo lotsekera anthu m'ndende. Chachiwiri ndi ukwati. Chachitatu ndi mbendera ya utawaleza pamodzi ndi maulendo a pamsewu amene amayenda nayo. Wophunzira amene watsiriza sukulu, kapena mphunzitsi amene ana amufunsa m'kalasi, adzayankha molongosoka ngati wayamba walekanitsa zitatuzi. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Lamulo lotsekera anthu m'ndende lili m'buku la milandu ndi zilango lotchedwa Penal Code, limene linayamba kugwira ntchito m'chaka cha 1930, dziko lino likadali Nyasaland pansi pa ulamuliro wa Angerezi. Gawo 153 limaika chilango cha zaka 14 pa kugonana kumene limakutcha kosemphana ndi chilengedwe. Gawo 154 limaika zaka 7 kwa woyesa kuchita zimenezo, ndipo gawo 156 limaika zaka 5 pa mchitidwe wonyansa pakati pa amuna, kaya ndi poyera kapena mseri. Malamulo ofanana ndi amenewa Angerezi anawasiyanso ku Zambia, Kenya, Uganda ndi Tanzania. Chodabwitsa n'chakuti ku England kwenikweniko anafafaniza mlandu wotere m'chaka cha 1967, patangopita zaka zitatu Malawi atalandira ufulu wodzilamulira. Tsono pamene ena akunena kuti khalidweli linabwera ndi alendo, ena amayankha kuti lamulo lolanga khalidweli ndilo linabwera ndi alendo.

Kwa zaka zambiri magawo amenewa ankangokhala m'buku osatchulidwa kwambiri. Zinthu zinasintha pa 26 Disembala 2009, pamene a Steven Monjeza ndi a Tiwonge Chimbalanga anachita chinkhoswe pa malo ogona alendo a Mankhoma Lodge mumzinda wa Blantyre. A Chimbalanga, amene kwao ndi ku Thyolo, boma loyandikana ndi Mulanje, anabadwa ndi thupi lachimuna koma ankadziona ndiponso kuvala monga mkazi, ndipo anthu ankawadziwa ndi dzina lakuti Aunt Tiwo. Nyuzipepala ya The Nation itaulutsa nkhaniyi, apolisi anawagwira onse awiri pa 28 Disembala. Bwalo linawakaniza belo, motero anakhala pa ndende ya Chichiri miyezi isanu mlandu uli mkati, ndipo tsiku lililonse lozenga mlandu khamu la anthu linkasonkhana kudzawaona ndi kuwakuwiza.

Munthu wa ku Mulanje amamvetsa chifukwa chake mwambo umenewo unautsa mapiri pachigwa. Kwa Alomwe ndi Amang'anja, chinkhoswe si nkhani ya anthu awiri okha. Ndi pangano la mabanja awiri, lomangidwa ndi ankhoswe a kuchimuna ndi a kuchikazi, amene adzaweruza banja likagwedezeka ndi kuimirira pa maliro. Ambiri anaona ngati mwambo wa makolo wachitidwa chipongwe. Komabe n'kofunika kudziwa kuti awiriwa sanaimbidwe mlandu wochita chinkhoswe, popeza mlandu wotero mulibe m'buku lija. Anaimbidwa milandu ya pa magawo 153 ndi 156, ndipo chinkhoswecho chinangokhala ngati umboni.

Pa 18 Meyi 2010 woweruza milandu, a Nyakwawa Usiwa Usiwa, anawapeza olakwa, ndipo pa 20 Meyi anawalamula kukakhala kundende zaka 14 akugwira ntchito ya kalavula gaga, chimene chili chilango chachikulu koposa pa mlanduwo. Iwo anafotokoza kuti akufuna chilangocho chiopseze ena. Maiko amene amathandiza Malawi anadandaula kwambiri, ndipo pa 29 Meyi, atakumana ndi mlembi wamkulu wa bungwe la United Nations, a Ban Ki-moon, mtsogoleri wa dziko, malemu Bingu wa Mutharika, anawakhululukira. Iwo ananenetsa kuti awiriwo analakwira chikhalidwe, chipembedzo ndi malamulo a dziko, koma akuwamasula chifukwa cha chifundo chokha. Patangopita masiku ochepa awiriwo anasiyana, ndipo pambuyo pake a Chimbalanga anasamukira ku Cape Town, m'dziko la South Africa, monga munthu wothawa kwao.

Chikhululukiro chimenechi chinamasula anthu awiri, koma lamulo silinasinthe. M'malo mwake linakula. Mu Disembala 2010 Nyumba ya Malamulo inaonjezera gawo 137A, limene limaika zaka 5 pa mchitidwe womwewo pakati pa akazi okhaokha, ndipo mtsogoleri wa dziko analisayina mu Januwale 2011. Mu Meyi 2012 Mai Joyce Banda, atangotenga utsogoleri, anauza aphungu kuti akufuna malamulowa achotsedwe, ndipo mu Novembala chaka chomwecho nduna ya za malamulo, malemu Ralph Kasambara, inalengeza kuti apolisi ayambe aleka kumanga anthu pa milandu imeneyi. Mu Disembala 2015, amuna awiri atagwidwa ku Lilongwe, nduna ina, a Samuel Tembenu, inabwereza ganizo lomwelo. Koma mu 2016 abusa ena anakadandaula ku bwalo lalikulu la ku Mzuzu, ndipo bwalolo linaimitsa ganizo la bomalo. Apa panaoneka poyera kuti mau a nduna sangafafanize lamulo lopangidwa ndi Nyumba ya Malamulo.

Mlandu waukulu koposa unafika ku bwalo lomasulira malamulo aakulu a dziko, mumzinda wa Blantyre. Odandaula anali awiri: a Jan Willem Akster, mzika ya dziko la Netherlands, amene ankayankha milandu ya pa magawo omwewa, ndi a Jana Gonani a ku Mangochi, amene anali atalamulidwa kale mu Disembala 2021 kukakhala kundende zaka 8. Iwo ananena kuti magawo 153, 154 ndi 156 akusemphana ndi malamulo aakulu a 1994, amene amalonjeza ulemu wa munthu, kusasankhana, ndi ufulu wosunga chinsinsi cha moyo wa munthu. Mlandu uli mkati, pa 13 Julayi 2023, Akhristu ndi Asilamu miyandamiyanda anayenda m'misewu ya Blantyre, ndipo mmodzi wa otsogolera anali Arkiepiskopi Thomas Luke Msusa wa mpingo wa Katolika. Uthenga wao unali wakuti akuteteza ukwati ndi banja. Pa 28 Juni 2024 oweruza atatu, a Joseph Chigona, a Vikochi Chima ndi a Chimbizgani Kacheche, anakana dandaulo lija. Iwo anagamula kuti magawowo sakusemphana ndi malamulo aakulu, ndi kuti ofuna kuti asinthidwe apite ku Nyumba ya Malamulo.

Apa ndi pamene pali chisokonezo chachikulu. Anthu ambiri anamva ngati bwalo linafunsidwa kuvomereza maukwati a amuna okhaokha kapena akazi okhaokha. Kunena zoona, funso limene linali patsogolo pa oweruza linali la ndende, osati la ukwati. Nkhani ya ukwati ili ndi lamulo lakelake la m'chaka cha 2015, lokhudza ukwati, kusudzulana ndi za m'banja, lomwe lija linakweza zaka zolowera m'banja kufika pa 18. Lamulo limeneli limazindikira ukwati wa kwa DC, wa kutchalitchi kapena kumzikiti, wa chikhalidwe, ndi wa anthu amene akhalira limodzi nthawi yaitali, koma limanenetsa kuti ukwati ndi wa mwamuna ndi mkazi, ndi kuti umuna kapena ukazi wa munthu ndi umene anabadwa nao. Odandaula aja akanapambana, lamulo la ukwatili likanakhalabe chilili.

Maiko oyandikana nao akusonyeza kuti nkhani ziwirizi zimayenda padera. Dziko la Mozambique linachotsa chilango chimene linatengera kwa Apwitikizi, koma silivomereza maukwati otere. Ku Botswana bwalo lalikulu linathetsa chilangochi mu 2019, ndipo bwalo la apilo linagwirizana nalo mu 2021. Ku Namibia bwalo linachita chimodzimodzi mu Juni 2024, patatsala sabata imodzi kuti chigamulo cha ku Blantyre chiperekedwe. Mu Africa monse, dziko la South Africa lokha ndilo limamangitsa maukwati otere, kuyambira mu Novembala 2006, patapita zaka zisanu dziko la Netherlands litayamba kutero mu 2001. Mbali inayi kuli Uganda, kumene mu 2023 anakhwimitsa lamulo mpaka kuikamo chilango cha imfa pa milandu ina. Maganizo a anthu naonso amasiyana. Pa kafukufuku wa bungwe la Afrobarometer wofalitsidwa mu 2016, Amalawi 6 okha mwa 100 alionse ndi amene anati sangavutike kukhala moyandikana ndi munthu wotere, pamene ku Mozambique anali 56 mwa 100 alionse.

Chinthu chachitatu ndi mbendera. Anaipanga ndi a Gilbert Baker mumzinda wa San Francisco, ku America, m'chaka cha 1978. Poyamba inali ndi mitundu 8, koma masiku ano yodziwika kwambiri ili ndi mitundu 6. Maulendo a pamsewu amachitika kwambiri m'mwezi wa Juni pokumbukira chipolowe cha mu 1969 pa malo omwera mowa a Stonewall ku New York, pamene anthu otere anakana kuzunzidwa ndi apolisi. Ku Malawi ulendo woyamba wotere unachitika pa 26 Juni 2021 mumzinda wa Lilongwe, motsogozedwa ndi bungwe la Nyasa Rainbow Alliance. Oyendawo anali ochepa, ndipo ambiri anabisa nkhope zao ndi nsalu zotchinga pakamwa ndi pamphuno, zimene zinawateteza ku matenda a Covid-19 ndiponso ku maso a anthu owadziwa. Anakapereka kalata ya madandaulo kwa akuluakulu a boma mumzindawo.

M'Chichewa dzina la chizindikirochi lili ndi kulemera kwake. Utawaleza ndi uta wa Leza, ndiye kuti uta wa Mulungu, ndipo owerenga Baibulo amaudziwa monga chizindikiro cha pangano la Mulungu ndi Nowa chigumula chitatha. N'chifukwa chake okhulupirira ambiri amawawidwa mtima akauona pa mbendera yotere. Eni mbenderayo amati mitundu yosiyanasiyana yokhala pamodzi ikuimira anthu osiyanasiyana okhala m'dziko limodzi. Mbali ziwirizi zikuona uta umodzi womwewo, koma zikuwerengapo uthenga wosiyana.

Pamene akuluakulu akukangana m'mabwalo ndi m'misewu, amene amamva ululu weniweni ndi anthu wamba osatchuka. Lipoti la bungwe la Human Rights Watch la mu 2018 linasimba za Amalawi amene anamenyedwa, kuthamangitsidwa m'nyumba za lendi, kapena kunyozedwa pachipatala chifukwa chowaganizira za mchitidwewu, ndi kuti ambiri ankaopa kukadandaula kupolisi poopa kumangidwa iwo eni. Mabungwe a CEDEP ndi CHRR akhala akunena zomwezo kwa zaka zambiri. Nkhaniyi ikukhudzanso umoyo wa anthu onse. Mulanje ndi limodzi mwa maboma amene kachirombo ka HIV kanafala kwambiri, ndipo munthu amene akuopa kukayezetsa magazi kapena kukalandira mankhwala chifukwa choopa kunyozedwa amaika pangozi moyo wake ndi wa ena, kuphatikizapo mkazi amene mwina anamukwatira pofuna kutseka anthu pakamwa.

Lero lino magawo 137A, 153, 154 ndi 156 akugwirabe ntchito, ndipo mphamvu yowasintha kapena kuwasunga ili m'manja mwa aphungu osankhidwa ndi anthu, kuphatikizapo ovota a pa Nkando. Munthu ali ndi ufulu wokhulupirira zimene mpingo kapena mzikiti wake umaphunzitsa, ndi kuzinena poyera. Koma buku lomwelo la Penal Code limatinso kumenya munthu, kumutenthera nyumba kapena kumuopseza kuti apereke ndalama ndi milandu, posayang'ana kuti wochitiridwayo ndani. Liu lakuti mathanyula, limene ana amatukwanirana pabwalo la sukulu, lingathe kuthawitsa mnyamata sukulu ngakhale popanda umboni ulionse, pakuti mphekesera siidikira woweruza. Mphunzitsi sanapatsidwe udindo wogamula mkangano umene wavuta oweruza, abusa ndi aphungu. Udindo wake ndi wakuti mwana aliyense wolembedwa m'kaundula wake aphunzire mopanda mantha, ndi kuti akadzatsiriza sukulu adzathe kusiyanitsa chimene lamulo likunena ndi chimene khamu likufuula. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.