Foni ikakufulumizitsani, yambani mwadekha

Tiyerekeze muli kudimba ku Nzama, mukuthirira mbewu. Foni yalira, nambala yachilendo. "Ndine mphunzitsi wa mwana wanu. Wakomoka, tili naye kuchipatala. Tumizani ndalama ya mankhwala pa nambala ino pompano."

Mtima ukugunda, manja akunjenjemera. Zikatero ndiye kuti thupi latulutsa adrenaline, mchere wa m'thupi womwe umakonzekeretsa munthu kuthawa choopsa. Umathandiza mukakumana ndi njoka, koma umachepetsa mpata woganiza mofatsa. Akamberembere a pafoni amadalira zimenezi. Amakuopsezani kapena kukulonjezani mwayi waukulu, kenako n'kukuuzani kuti nthawi yatha.

Makolo, dulani foniyo. Imbirani mphunzitsi wamkulu pa nambala yomwe mumaidziwa kale, kapena tumani munthu kusukuluko. Ngati mwana wadwaladi, mudzamva zoona m'mphindi zochepa. Chitaninso chimodzimodzi ndi uthenga uja wotchuka wakuti "ndalama ija mutumize pa nambala iyi". Funsani kaye mwini ndalamayo pakamwa.

Inu odzipereka pa ntchito zaumoyo m'midzi, msampha wanu ndi wa ntchito. Uthenga umafika pa WhatsApp wakuti akulemba alangizi a zaumoyo, malo atsala ochepa, lipirani kuti dzina lanu lilowe. Ntchito ya boma sagula. Kafunseni mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kapena ku ofesi ya zaumoyo ku Ntcheu boma musanatulutse ngakhale tambala.

Msampha woopsa kwambiri ndi wa mankhwala. Pa Facebook mumapezeka ogulitsa mabotolo omwe akuti amachiza shuga, kuthamanga kwa magazi ndi HIV nthawi imodzi. Apa simutaya ndalama zokha. Munthu akasiya ma ARV, kachilombo kamachulukananso m'magazi, ndipo mankhwala omwe ankamwa aja atha kusiya kugwira ntchito. Wa kuthamanga kwa magazi akasiya mapiritsi atha kufa ziwalo. M'dziko muno, bungwe la PMRA ndilo limavomereza mankhwala ndi malo ogulitsira mankhwala. Mukakayika, onetsani botololo kwa achipatala.

Mu 2018 bungwe la MACRA linalamula kuti nambala iliyonse ya foni ilembetsedwe m'kaundula. Akuba amazemba pogwiritsa ntchito manambala olembetsedwa ndi ziphaso za anthu ena. Choncho musabwereke munthu chiphaso chanu cha unzika kuti akagulire nambala. Akabera anthu, dzina lomwe apolisi adzayambe kulipeza ndi lanu.

Nambala yachinsinsi ya Airtel Money kapena TNM Mpamba musauze aliyense, ngakhale anene kuti akuimba kuchokera ku kampani kapena ku Mtukula Pakhomo. Wina akati wakutumizirani ndalama molakwitsa, onani kaye ndalama zomwe zili mufoni mwanu, chifukwa uthenga umatha kupekedwa.

Ngati mwaberedwa kale, musabise chifukwa cha manyazi. Sungani uthengawo ndi nambala ya wakubayo, dziwitsani kampani ya foni msanga, ndipo kaneneni kupolisi. Kubera anthu pafoni ndi mlandu.

Tsiku la sikelo ya ana likafika, patulani mphindi zisanu mukambirane izi ndi amayi. Agogo omwe amadalira adzukulu kuwawerengera mauthenga muwafotokozerenso kunyumba. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.